Pepala la Mfuti Siliwoloka Nyanja

Uthenga wa a malume unafika Lachiwiri usiku, magetsi atathima, ine ndili pakhonde kuthawa chifundizi cha m'nyumba. Amene mumaidziwa Senga Bay mwezi wa October mukudziwa chimene ndikunena. Inali voice note ya mphindi zinayi, ndipo monga mwa chizolowezi chawo, mphindi zitatu zoyamba zinali za moni: agogo adzuka bwanji, usipa ukufa kapena ayi, njerwa zimene anatumizira ndalama zija zawotchedwa kodi. Nkhani yeniyeni inabwera kumapeto, mawu atatsitsa ngati pali wina akuwamvetsera.

"Mphwanga, iwe unapita kusukulu, tandifufuzira. Ine kuno ndili ndi kamfuti kanga ka m'chiuno, ka mapepala ake, osati kakuba ayi. Ndikamabwera kudzakhazikika, kodi pepala langali ligwira ntchito kumudziko?"

A malume akhala ku Johannesburg zaka zoposa 20. Anayamba ndi ntchito yosamalira maluwa, kenako ulonda, kenako anatsegula kagolosale. Anapeza mapepala okhala m'dzikomo mpaka kalekale, ndipo ataberedwa kawiri, mfuti itawaloza pamphumi, anatsata njira yonse ya lamulo mpaka anapatsidwa chiphaso. Tsopano mawondo ayamba kudandaula. Akufuna abwerere, atsegule shopu ya maukonde, nyali ndi mafuta a injini za maboti. Koma mantha amene anawatola ku Joni akubwera nawo, ndiye akufuna abwerenso ndi mankhwala ake.

Yankho la lamulo ndinalipeza tsiku limodzi lokha. Chimene chinandidyera masabata atatu ndi funso lina limene linabadwa m'kati mwa funso lawolo: kodi zinayamba liti kuti mfuti izifuna pepala m'mbali mwa nyanja ino, ndipo pepalalo linkathera pati? Ndinaphunzira mbiri zaka zinayi ku Chanco, digiri ili m'sutikesi, nde mundilole ndiigwiritseko ntchito lero.

Mkangano wa eni ake ku America

Ndikufufuza pa foni, chinthu choyamba kutumphuka sichinali cha kuno ayi. Chinali cha ku America, kumene funso la a malumeli lakhala likukanganitsa aphungu kwa zaka zambiri. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake onena za amene angayende ndi mfuti yobisa m'zovala. Kwina umayenera kuphunzira ndi kufufuzidwa kaye. Kwina, m'zigawo zoposa theka tsopano, munthu wamkulu wosaletsedwa ndi lamulo safuna chiphaso n'komwe. Zigawo zina zimagwirizana kuti chiphaso cha uku chizigwira uko, koma zina monga New York, New Jersey ndi California sizivomereza ziphaso za kwina.

Zotsatira zake n'zoti munthu akhoza kudzuka ali wosunga lamulo, n'kuyendetsa galimoto mphindi 30, n'kusanduka chigawenga. Mu 2013 mayi wina wa ku Philadelphia, amene anali ndi chiphaso cha Pennsylvania, anaimitsidwa ndi apolisi a pamsewu ku New Jersey. Anawauza yekha kuti ali ndi mfuti, poganiza kuti akuchita bwino. Anamumanga, ndipo poyamba ankayembekezera zaka kundende, koma bwanamkubwa Chris Christie anadzamukhululukira mu 2015.

Nkhani ngati imeneyi ndi imene imapatsa mphamvu bilu yotchedwa Concealed Carry Reciprocity Act, imene phungu Richard Hudson wa ku North Carolina wakhala akuibweretsa mobwerezabwereza. Ikufuna kuti chiphaso cha chigawo chimodzi chizilemekezedwa m'zigawo zonse. Mu December 2017 inadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo ndi mavoti 231 kwa 198, koma inakafera ku Senate. Mu 2025 inabweranso. Oikonda amati chiphaso cha mfuti chikhale ngati laisensi ya galimoto, ufulu usamathere pa chikwangwani cha malire. Oikana amati zikatero ndiye kuti chigawo chimene chili ndi malamulo ofooka kwambiri chikhala chikulamulira zinzake zonse, ndipo wapolisi wa mumzinda waukulu azidzalandira pepala limene sangathe kulitsimikiza.

Ndinawerenga zonsezi ndikuseka pang'ono, chifukwa nyanja imene ndimaiona m'mawa uliwonse inamva kale mkangano umenewu zaka zoposa 130 zapitazo.

Mfuti isanadziwe pepala

Ukaima pamchenga pa Senga Bay kunja kutayera, umaona mapiri kutsidya. Kumeneko ndi kwa Makanjira, m'boma la Mangochi, ndipo ukalondola gombelo chakumpoto walowa m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Ife lero timaiona nyanja ngati mpanda. Anthu a m'zaka za m'ma 1800 ankaiona ngati msewu. Zombo za matanga zinkanyamuka pa madoko a gombe lino, monga Rifu pafupi ndi Leopard Bay komanso Nkhotakota kumene Jumbe anakhazikika cha m'ma 1840, zitasenza minyanga ya njovu ndi anthu. Zikafika kutsidya ulendo unkapitirira wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Pobwerera katundu ankakhala nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga.

Mfuti zake zinali zimene timati gogodela, zothira wonga cha kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo. Zambiri zinali zakale, zotayidwa ndi asilikali a ku Ulaya. Mvula ikagwa zinkakana, nthawi zina zinkaphulikira mwini wake. Komabe zinasintha dziko. Mfumu yokhala ndi mfuti inkapha njovu zambiri, minyanga n'kugulira mfuti zina, mfutizo n'kugwirira anthu, anthuwo n'kugulira wonga. Amene analibe ankathawira kumapiri kapena kumanga malinga. Mafumu a Chiyao amene mayina awo akadalipo kuno, monga Pemba ndi Bibi Kuluunda, anakhazikika m'gombe lino m'nyengo imeneyo. Kumtunda, Mwase Kasungu anatha kulimbana ndi Angoni a nthungo ndi zishango chifukwa anthu ake anali ndi mfuti.

Pepala panalibe, koma musaganize kuti lamulo panalibenso. Chiphaso chinali mfumu. Wonga unkadzera m'manja mwake, ndipo mlendo wofika ndi gulu la mfuti ankayamba wakaonekera kubwalo, n'kupereka mphatso, asanadutse m'dziko la eni. Ndimafuna tizikumbukira zimenezi tikamalankhula za nthawi ya makolo ngati inali ya mtendere wokhawokha. Ena mwa makolo athu anali ogwira mfuti, ena anali oloza nazo. Ambiri a ife m'gombe lino tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Pepala loyamba loyenda

Pa 2 July 1890, mayiko a ku Ulaya pamodzi ndi America, Turkey, Persia ndi Zanzibar anasainirana pangano ku Brussels. Cholinga chimene analemba pamwamba chinali kuthetsa malonda a akapolo. M'kati mwake munali ndime za mfuti, zokhudza dera lonse la Africa kuyambira madigiri 20 kumpoto kwa mzere wa pakati pa dziko mpaka madigiri 22 kumwera. Salima ili m'kati mwenimweni mwa lamba ameneyu.

Panganolo linati mfuti zonse zolowa zizisungidwa m'nyumba zoyang'aniridwa ndi boma. Mfuti zamakono, zowombera patali ndi molunjika, zisagulitsidwe kwa eni dziko. Zimene zinkaloledwa pamsika zinali za mwala zija ndi wonga wamba, m'madera okhawo amene munalibe malonda a akapolo. Munthu wodalirika ankatha kupatsidwa chilolezo chapadera: mfuti yake idindidwe chizindikiro, ilembedwe m'kaundula, chiphaso chikhale cha zaka 5.

Ndipo pali ndime imene inandidzutsa pampando. Munthu wapaulendo ankathanso kuloledwa kukhala ndi mfuti yamakono ngati ali ndi kalata yochokera ku boma la kwawo yonena kuti mfutiyo ndi yodzitetezera basi. Mwamva? Chimene aphungu a ku Washington akulimbirana lero, chimene a malume akufunsa pa WhatsApp, chinalembedwa kale mu 1890. Pepala la boma lina linkatha kutsegula khomo m'dera la boma linzake. Koma dzifunseni kuti ndani m'chaka chimenecho anali ndi boma loti n'kumulembera kalata yotero. Mjeremani, Mngelezi, Mpwitikizi. Makanjira analibe. Msodzi wa pa Rifu analibe. Chiphaso choyamba choyenda m'dziko lino chinali cha khungu limodzi.

Chaka chotsatira, 1891, Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, n'kugwirizana ndi Portugal za malire. Harry Johnston anabwera ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Makanjira wa kutsidya uja sanagonje msanga. Mu December 1891 Maguire anapita pa sitima yotchedwa Domira kukawononga zombo za mfumuyo, ndipo anaphedwa komweko. Angelezi anabweretsa sitima zankhondo panyanja mu 1893, anamanga linga limene analitcha Fort Maguire, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1896 Makanjira anali atathawira mbali ya Apwitikizi, Mlozi atapachikidwa ku Karonga, Mwase Kasungu atadzipha posafuna kugwidwa.

Sindikulira maliro a malonda a akapolo. Anayenera kutha, ndipo anthu ambiri anapuma atatha. Ndikungonena kuti dzanja limene linatseka msika wa akapolo ndi lomwelo limene linalanda anthu mphamvu yokana msonkho wa nyumba ndi thangata. Komanso malire atsopanowo anali ndi mabowo. Mbali ya Niassa, Mataka anakhala wodzilamulira mpaka 1912, ndipo wonga unkapezekabe kwa amene ankadziwa njira. Lamulo likakhwima tsidya lino n'kufewa tsidya ilo, katundu amadziwa kolowera. Phunziro limeneli ndi lakale kuposa dzina loti Malawi.

Nyama, kaodzera ndi ukali

Ulamuliro utakhazikika, pepala la mfuti linapeza mnzake: pepala la nyama. Mu 1897 boma linakhazikitsa malo otetezera nyama ku Elephant Marsh, ndipo malamulo a ulenje anapitirira kukhwima. Mzungu wa ndalama ankagula chiphaso chokapha njovu mosangalala, pamene mlimi amene njovu yomweyo yamuthera chimanga ankayenera kudikira chifundo cha bwana DC.

Kuno kwathu zimenezi zinafika pakhungu. Cha m'ma 1910 matenda a kaodzera anavuta m'dera la Domira Bay, mpaka akatswiri motsogozedwa ndi David Bruce anabwera kudzamanga msasa wofufuzira pa Kasu. Amishoni ena, monga Dr George Prentice wa ku Kasungu, ananena poyera kuti kuletsa anthu kusaka kwachulukitsa nyama, nyama zachulukitsa ntchentche za kashembe, ndipo anthu ndi ng'ombe zawo ndi amene akulipira. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe za kukula kwa mbali imene malamulowo anachita, koma mkwiyo wa anthu unali weniweni.

Ndiye si zodabwitsa kuti usiku wa pa 23 January 1915, John Chilembwe atayamba kuukira, gulu lina la anthu ake linalunjika ku Mandala ku Blantyre kumene kunkasungidwa mfuti. Anatengako zochepa chabe mlonda atakuwa, ndipo kuukirako kunatha m'masiku owerengeka. Chilembwe anali ataphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Anali ataona dziko limene malamulo ake aakulu, kuyambira 1791, amatchula ufulu wokhala ndi zida, koma kumene munthu wakuda wa kumwera ankadziwa kuti ufuluwo sunalembedwere iye. Tsidya zonse ziwiri za nyanja yaikulu, funso linali limodzi: boma limakhulupirira ndani?

Gogodela ya bambo a agogo

Nditafika apa ndinatseka mabuku n'kupita kwa agogo, amayi awo a malume. Ndinawapeza akuyanika usipa pathandala. Nditawafunsa ngati m'banja mwathu munakhalapo mfuti, anandiyang'ana ngati ndawafunsa ngati nyanja ili ndi madzi.

"Bambo anga anali nayo. Yaitali kuposa iweyo. Ikalira, mudzi wonse unkadziwa kuti mawa kuli ndiwo."

Inali gogodela yothamangitsira nguluwe ndi mvuu m'munda wa mpunga. Inali ndi nambala yodindidwa pathako pake. Nthawi imeneyo Salima inali pansi pa boma la Dowa, ndipo agogo amakumbukira bambo awo akukwera mapiri wapansi kukalipira chiphaso, pepalalo n'kulikulunga m'kansalu, n'kulisomeka kudenga pamalo amene chiswe sichifika. Iwo sankatha kuwerenga. Ankangodziwa kuti popanda kapepalako mfuti ya bambo awo, imene anasiyiridwa ndi atsibweni awo, ikhoza kusanduka mlandu.

Ndinafunsa ngati ankapita nayo kutsidya, popeza tili ndi abale cha ku Meponda mbali ya Mozambique. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Apite nayo kwa Apwitikizi? Pepala la Mngelezi kumeneko linali tsamba la fodya. Akanawalanda n'kuwamenya m'manja. Ankaisiya kwa mfumu, akabwerako n'kukaitenga."

Tangoganizani. Nyanja imodzi, chilankhulo chimodzi, maliro ndi maukwati amodzi, koma pepala linkafera pakati pa madzi. Ndipo taonani kumene ankaisiya: kwa mfumu. Lamulo lakale lija linali likadapuma pansi pa latsopano.

Mapeto a mfutiyo anafika mu March 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pangozi, Dr Banda atamangidwa, anthu atawomberedwa pa doko la Nkhata Bay. Mphekesera zinafika kuti asilikali akusecha m'nyumba. Chiphaso cha bambo a agogo chinali chitatha nthawi, ndalama yolipirira inalowa ku msonkho. Usiku wina anakulunga mfuti m'chiguduli, anakwera bwato, anapalasa mpaka moto wa pamudzi utachepa ngati nyenyezi, n'kuiponya m'madzi. Agogo, amene anali kamtsikana, anawaona akubwera m'bandakucha, manja lendelende. Chaka chimenecho nguluwe zinadya theka la munda.

"Ankaidandaula?" ndinafunsa.

"Ankadandaula mpunga. Koma ankati bola nguluwe, sizimanga munthu."

Ili pansi penapake pakati pa gombe lathu ndi zilumba za Maleri. Ndikamaona asodzi akukoka khoka ndimaganiza kuti tsiku lina idzatuluka.

Mfuti zimene sizinafunse chilolezo

Ufulu utabwera mu 1964, pepala silinachoke, linangosintha siginecha. Mu February 1965 anthu a Henry Chipembere analanda mfuti za apolisi ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, n'kukakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. Mu October 1967 Yatuta Chisiza analowa ndi gulu la zida cha ku Mwanza n'kuphedwa. Lamulo la mfuti limene tikugwiritsabe ntchito ndi la chaka chomwecho, 1967. Linalembedwa ndi boma limene linkaopa anthu ake, ndipo linasiya nkhani ya ziphaso m'manja mwa apolisi. Nthawi yomweyo bomalo linkapereka mfuti kwa a Malawi Young Pioneers. Apanso funso linali lomwe lija la amene akukhulupiriridwa.

Koma mfuti zimene zinasintha moyo wa makolo athu sizinadzere pa kauntala ya aliyense. Nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, inathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Itatha, AK-47, mfuti yomwe ili pa mbendera ya dzikolo, inatsala m'mathengo ndi m'maenje mosawerengeka. Mu December 1993, asilikali awiri atawomberedwa ku Mzuzu, gulu lankhondo linachita Operation Bwezani kulanda zida za a Payoniya, ndipo ambiri anathawira ku Mozambique komweko. Funsani akuluakulu za zaka zimene zinatsatira. Akuuzani za magolosale otsekedwa dzuwa likadalipo, ndi mawu oti "zigawenga za mfuti" amene anayamba kumveka pa wailesi pafupipafupi. Achitsulo anayamba kupanga ndalama ndi zitseko ndi mawindo otchinga.

Mayiko a chigawo chino anayesa kuyankha. Kuyambira 1995 apolisi a South Africa ndi Mozambique ankafukula ndi kuphwanya zida zobisidwa pa ntchito yotchedwa Operation Rachel. Mu August 2001 atsogoleri a SADC anasaina pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo, ndipo anasainira kwathu konkuno, ku Blantyre. Panganolo limalankhula za kuyandikizitsa malamulo, kudinda zizindikiro pa mfuti, kusunga kaundula ndi kugawana uthenga pakati pa apolisi. Silinene kuti chiphaso cha munthu wamba cha dziko limodzi chizigwira m'mayiko onse.

Apa pali kusiyana kumene ndikufuna mukuone. Laisensi yanga ya galimoto, nditaipeza, ingagwire ntchito ku Lusaka kapena ku Joni, chifukwa mayiko anayamba agwirizana za maonekedwe ake ndi magulu a galimoto. Kukhulupirirana kunabwera pambuyo pa ntchito yofananiza miyeso. Pa mfuti ntchito imeneyo sinathe. Amene akufuna pepala liyende miyeso isanafanane akufuna denga nyumba isanakhale ndi zipupa.

Phunziro la pa Mbenji

Chitsanzo chimene chinandithandiza kumvetsa zonsezi si cha mfuti ayi. Ndi cha nsomba. Pa chilumba cha Mbenji, kumpoto kwa gombe lathu, pali malamulo amene Mfumu Makanjira ya kuno ku Salima ndi anthu ake asunga kwa zaka zambiri. Nyengo ya mvula chilumba chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, n'kudzatsegulidwa ndi mwambo cha mu April. Mowa suloledwa, chamba ndi juga ayi. Msodzi akhoza kuchokera ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, chiphaso chake cha boma chili m'thumba, koma akafika pa Mbenji amatsata za pa Mbenji. Akakana amathamangitsidwa. Ndipo asodzi amabwererabe chaka ndi chaka chifukwa utaka wa pamenepo sunathe ngati kwina.

Pali malamulo ena a pa Mbenji amene ine ndimakangana nawo, monga loletsa amayi kufika pachilumbapo. Koma mfundo yaikulu ndimaivomereza: amene adzakhale ndi zotsatira ndi amene ayenera kukhala ndi mawu. Nsomba zikatha, mlendo adzakweza injini n'kupita kwina, eni mudzi adzatsala ndi madzi okhaokha. Mfuti ikalira pa bawo kapena pa depoti, ofesi ya ku Pretoria imene inadinda pepala siidzabwera kudzakumba manda.

Palinso china. Gogodela ya bambo a agogo inkaoneka munthu akadali patali. Aliyense ankadziwa amene ali nayo, khalidwe lake, ndi kumene amagona. Kamfuti ka m'chiuno sikaoneka. Amene wakhala nawe mu minibasi yochokera ku Kamuzu Road sakudziwa, ndiye akudalira kuti winawake anakufufuza m'malo mwake. Chiphaso cha mfuti yobisa ndi lonjezo limene boma limapereka kwa anthu ena onse, osati kwa mwini mfuti yekha. Boma silingalonjeze za munthu amene silinamuonepo.

Zimene ndinawauza a malume

Ndinawaimbira Lamlungu madzulo. Ndinawauza kuti pepala lawo limathera pa Beitbridge. Basi imene amakwera imadutsa Zimbabwe, imalowa Mozambique pa Nyamapanda, imawoloka Zambezi pa Tete, n'kufika kwathu pa Mwanza kapena pa Dedza. Mayiko anayi, malamulo anayi. Kuti mfuti iyende mwalamulo pamafunika chilolezo chotulutsira ku South Africa, zilolezo zodutsira m'mayiko a pakati, ndi chilolezo cha apolisi a kuno, ndipo akafika ayenera kupempha chiphaso cha Malawi ngati munthu wina aliyense. Malamulo athu aakulu a 1994 satchula ufulu wokhala ndi mfuti. Kuibisa m'katundu n'kudalira mwayi ndi njira yachidule yokathera ukalamba m'ndende ya dziko limene alibe m'bale wowabweretsera chakudya.

Anakhala chete, kenako anati: "Koma mphwanga, anandiyesa mayeso. Anabwera kudzaona sefa imene ndimasungiramo. Anafunsa anthu za khalidwe langa. Zaka 5 zilizonse ndimakayambanso. Kwanuko angandifufuze kuposa pamenepa?"

Ndinalibe yankho labwino, chifukwa akunena zoona. Lamulo la mfuti la South Africa la chaka cha 2000 ndi lamakono kuposa lathu la 1967. Ngati pali munthu woyenera kukhulupiriridwa, ndi iwowo. Ndipo mantha awo si opeka. Kumudzi kuno akuba akabwera usiku, thandizo limakhala kutali, ndipo amene ali ndi mpanda wa njerwa ndi alonda ndi amene amapezanso chiphaso mosavuta. Pepala likadali ndi fungo la 1890: limakonda munthu amene ali kale ndi mphamvu. Amene amatsutsa zoti mfuti zichuluke, ngati ineyo, tisamachite ngati sitikuona zimenezi.

Komabe khomo limene lingatsegulidwe chifukwa cha a malume silingasankhe olowa. Lidzalowetsanso pepala logula, pepala la dziko limene kaundula wake ndi wosokonekera, ndi pepala lojambula pa kompyuta limene wapolisi wa pa rodibuloko, usiku, netiweki palibe, sangalisiyanitse ndi lenileni. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo timaunena mwambiwu poyamikira nzeru za alendo. Gombe lino linaphunzira movutika kuti kalumo kena kamabwera kudzameta eni mudzi. Ngati pali choti tilimbane nacho, ndi choti lamulo la 1967 likonzedwe, kaundula akhale woona, njira yopemphera chiphaso ikhale yoonekera kwa wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo wapolisi azifika akaitanidwa.

Ndinawafotokozera za gogodela ya agogo awo. Sankadziwa kuti inaponyedwa m'nyanja. Iwo anakula akumva kuti inagulitsidwa nthawi ya njala. Anaseka, kenako anakhalanso chete nthawi yaitali mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati bandulo yatha.

Sanandiuze chimene aganiza. Akhoza kuigulitsa mwalamulo komweko, akhoza kuyamba ulendo wautali wa mapepala, ndi ufulu wawo. Dzulo anatumiza voice note ina, ya mphindi ziwiri. Amafunsa mtengo wa nyali za sola zoyika panja, komanso ngati galu wa kwa aneba uja anaswa. Kumapeto anati ndiwauze agogo kuti akabwera mu December akufuna akawasonyeze malo amene bwato lija linanyamukira.